Kashopu kokonza makompyuta kuseri kwa msika wa Ulongwe

Pamalo anga a fotokope kuno ku Ulongwe ndili ndi makompyuta awiri, yakale ya pa desiki ndi laputopu imene mlamu wanga anandigulira ku Tete. Onse ndinawaikira antivayirasi imodzimodzi tsiku limodzi. Lachiwiri lapitali mwana wina wa ku sekondale anapempha kuti ndimupezere mapepala akale a mayeso pa webusayiti ina. Laputopu inafiira psuu, n'kukana kutsegula. Ya pa desiki inangotsegula, osadandaula ngakhale pang'ono. Ndiye wabodza ndani pamenepa?

Ndinamanga zonse pa njinga yamoto, ulendo kwa mnyamata wokonza makompyuta ndi mafoni kuseri kwa msika, kufupi ndi kumene amaunjika matumba a kachewere. Kashopu n'kopanikiza, mpando umodzi, ndipo ndinadikira maola awiri chifukwa a mafoni osweka magalasi amangolowerera kutsogolo. Izo zokha sizinandikomere.

Ntchito koma amaidziwa. "Bambo, antivayirasi si mphini zoti mwatemera kamodzi basi," anatero. Imayendera mndandanda wa zoipa zimene ikuzidziwa, ndipo mndandandawo umafunika kuwonjezeredwa tsiku ndi tsiku. Wa mu laputopu unali wa m'mawa womwewo, wa inayo unali wa miyezi itatu yapitayo. Wolakwa ndinali ine ndemwe, ndinazimitsa ma update poumira ma mega. Kuwonjezera apo, ya pa desikiyo ikadali pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndipo Chrome yake, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, inathera pa vesheni yakale ya 109. Ngakhale pololeza antivayirasi kusuzumira m'mawebusayiti otetezedwa aja a https panali pozimitsa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nthawi zambiri choipacho sichikhala pa tsamba lenilenilo. Chimabwera ndi zotsatsa malonda za m'mbali zija, zimene zimachokera kwina ndipo zimasintha munthu aliyense akatsegula. Akuba ena amayamba aona kaye kuti wabwerayu ali dziko liti, ali ndi Windows yanji, kenako n'kusankha womutchera msampha. Choncho makompyuta awiri ali pa tebulo limodzi akhoza kupatsidwa zinthu zosiyana, ndipo laputopu yomweyo itha kukuwa lero, mawa n'kukhala chete. Pofuna kuti ndione ndi maso anga, anaika linki ija pa VirusTotal, pamene ma antivayirasi ambirimbiri amaweruza chinthu chimodzi. Ochepa anati n'choipa, ambiri anati palibe vuto. Akatswiri okhaokha, koma osamvana ngati nduna pabwalo la mfumu!

Atamaliza ma update anayesa onse awiri ndi kafayilo ka EICAR, kosavulaza kanthu, kopangidwira kuyesera basi. Onse anakagwira.

Anandilipiritsa metikali 400, risiti palibe. Nditamupempha antivayirasi yobera ija imene anzanga amaikirana pa fulashi, anakana, nati imeneyo ndiyo khomo lenileni la mavayirasi, ndipo Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, ikuikwanira laputopu. Ya pa desiki anati ndiichotse pa intaneti, izingolemba makalata ndi kupulinta.

Ndachitadi zomwezo. Mukafuna kupitako lawirirani mafoni asanachuluke, ndipo tengani chaja yanu, iye ali nayo imodzi yokha.