Kusonkhetsa makolo, ulendo wa ndawala kapena ophunzira akale: njira iti imapindulira sukulu?

Amene munakhalapo m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi mukudziwa mmene msonkhano wa ndalama umayendera. Mphunzitsi wamkulu amaimirira n'kufotokoza kuti denga la kalasi likudontha, madesiki athyoka, zimbudzi zadzaza. Palibe amatsutsa. Mkangano umabuka wina akafunsa kuti ndalamazo zichokera kuti, poti aliyense ali ndi njira imene anaiona ikuyenda bwino kwina. Ine ndakhala m'misonkhano yotereyi zaka zingapo, ndipo njira iliyonse ndimaiyesa ndi mafunso anayi: ndalama ikutuluka m'thumba la ndani, tikachotsa zimene tawononga ikutsala yochuluka bwanji, ntchito yake ikugwera ndani, ndipo mwana wa m'banja losauka ikumusiya pati.

Njira imene makomiti ambiri amathamangira ndi yoika mtengo pa mutu wa mwana aliyense. Ubwino wake ndi woonekeratu. Masamu ake ndi osavuta: sukulu ya ana 600 ikafuna ndalama yakutiyakuti, mumangogawa ndi 600, aliyense n'kudziwa zake. Simubwereka matenti, simusindikiza matikiti, simudikira nyengo yabwino. Pa ndalama 100 zilizonse zolowa, pafupifupi zonse zimafika pa ntchito imene munasonkhera. Palibe njira ina imene ingapose apa.

Koma ndi njira yomweyi imene ndimaiopa kuposa zonse. Mtengo wofanana pa mutu uliwonse sulemera mofanana pakhomo lililonse. Bambo wa pantchito amene ali ndi mwana mmodzi sazimva n'komwe, pamene agogo amene akulera adzukulu anayi alipira kanayi kuchokera pa zochepa zomwe ali nazo. Tsiku lomaliza likafika, komiti imasowa chochita ndi amene sanapereke, ndiye imayamba zija tonse tikuzidziwa: kuwerenga maina pamzere wa m'mawa, kubweza ana kunyumba, kukaniza zotsatira za mayeso. Pasukulu ina imene ndinatumikirako tinachitapo zimenezi, ndipo mtsikana wina wa kalasi lomaliza amene tinamubweza sanabwererenso teremu imeneyo. Madesiki tinagula, koma mpaka lero nkhaniyi imandipweteka mumtima.

Izi si za chisoni chokha, mbiri ikuchitira umboni. Chikalata cha ufulu wa anthu onse cha mu 1948, pa ndime 26, chimati maphunziro oyambirira akhale aulere, ndipo pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 likubwereza zomwezo pa ndime 28. Mayiko atayamba kuchotsa fizi ku pulayimale, zinaoneka poyera kuti kandalama kooneka kochepa kanali kutsekereza ana ambiri kunja. Malawi itachotsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Uganda inachita chimodzimodzi mu 1997, ndipo Kenya itatsatira mu 2003, ana oposa 1 miliyoni analowa m'makalasi. Chopereka chokakamiza ndi fizi yomweyo yongosintha dzina, ndipo m'mayiko ambiri sukulu ya boma siloledwa kuthamangitsa mwana chifukwa cha icho. Komiti iyambe yafunsa ku ofesi ya maphunziro isanalembe makalata.

Pali m'bale wake wa njirayi amene ndimamukonda kwambiri: lonjezo lodzifunira. Komiti imanena ndalama yonse yofunika, n'kupempha banja lililonse, osati mwana aliyense, kuti lilembe lokha zimene lingathe ndi nthawi imene lidzapereke. Amene ali nazo amapitirira mlingo, amene alibe amalemba masiku a ntchito ya manja. Choipa chake n'chakuti simudziwiratu zimene zilowe, ndipo msungichuma amatopa ndi kukumbutsa. Komabe ndaona anthu akupereka zambiri atapemphedwa mwaulemu kusiyana ndi pamene analamulidwa, makamaka pamene chinthu chogulidwacho chatchulidwa dzina. "Malata 80 a kalasi lachitatu" amatsegula thumba msanga kuposa "chitukuko cha sukulu".

Tsopano zochitikachitika. Apa ndi pamene anthu amasangalala kwambiri pamsonkhano, ndipo ndi pamenenso masamu amanama. Tsiku la zisangalalo, lokhala ndi masewera, magule, zisudzo ndi malonda, limadzaza bwalo, ndipo madzulo msungichuma amaoneka atanyamula thumba lolemera. Mawa lake mukamalipira zokuzira mawu, matenti, mipando, mayendedwe ndi zimene munagula kuti mugulitse, thumba lija limaphwa. Tiyerekeze kuti mwapeza 100 koma munalowetsa 60: mwagwira ntchito milungu isanu chifukwa cha 40, ndipo mvula ikagwa tsikulo 60 ija yapita. Onjezani kuti ogula matikiti ambiri ndi makolo omwe aja. Kholo lawononga 10 pabwalo, sukulu yalandirapo 4, pamene likanangopereka 5 pamanja onse awiri akanapindula.

Ulendo wa ndawala ndi wosiyana, ndipo pa zochitika zonse ndi umene ndingavotere. Sufuna ndalama yambiri yoyambira, ndipo ana ndi aphunzitsi amapempha achibale, amalonda ndi anzawo a kuntchito a makolo, kotero ndalama ina imachokera kunja kwa mpanda. Chofunika kusamala ndi mafomu. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala ndi chidindo cha sukulu, ibwezedwe ngakhale ilibe kanthu, ndipo ana aang'ono asatumidwe okha kukagogoda pamakomo a anthu osawadziwa kapena kuimitsa magalimoto pamsewu. Musaperekenso mphotho kwa mwana amene wabweretsa zambiri, chifukwa mphothoyo mukupereka kwa chuma cha abale ake, osati khama lake.

Sindikunena kuti tsiku la zisangalalo lilibe ntchito. Kholo limene laona mwana wake akuvina kapena akulakatula ndakatulo limayamba kuiona sukulu ngati yake, ndipo teremu yotsatira limamva msanga likapemphedwa. Chitani tsikuli chifukwa cha chimenecho, ndipo zonse zowonongetsa ndalama mupemphe ena akuthandizeni mwaulere. Kungoti musamangire bajeti ya denga pa ilo.

Za mpikisano wa matikiti a mwayi ndinena mwachidule. Umapindulitsa pokhapokha mphotho itaperekedwa ndi wina mwaulere. M'mayiko ambiri umawerengedwa m'gulu la juga ndipo umafuna chilolezo, mipingo ina siugwirizana nawo, ndipo kupatsa ana timabuku ta matikiti kuti azigulitsa ndi phunziro limene ine sindifuna sukulu iziphunzitsa.

Anthu ena amati sukulu ileke kupemphapempha, izidzipangira yokha ndalama: munda, nkhalango ya mitengo, ziweto, kantini, kapena kubwereketsa holo ndi bwalo kwa ochita misonkhano ndi maukwati. Maganizowa ndi abwino chifukwa ndalama yake imabwera chaka ndi chaka osagogoda pakhomo la kholo. Koma njira ziwiri zili m'gululi sizifanana. Kubwereketsa holo kapena bwalo Loweruka kapena nthawi ya tchuthi kumagwiritsa ntchito chinthu chimene chilipo kale, ndipo chimafuna kaundula, mgwirizano wolembedwa wonena za zowonongeka, ndi munthu mmodzi wosunga makiyi. Munda ndi ziweto ndi bizinesi yeniyeni, yofuna mpamba, msika ndi munthu woyang'anira ngakhale sukulu itatsekera. Walira mvula walira matope: nkhuku sizidziwa tchuthi, ndipo mphunzitsi amene anayambitsa ntchitoyo akasamutsidwa, khola limatsala lopanda mwini. Choopsa china n'chakuti ana amasanduka antchito. Munda wophunzirirapo ulimi ndi chinthu chabwino, koma nthawi ya masamu ikayamba kuthera kumunda chifukwa mbewu zikufuna kupalira, sukulu yagulitsa chinthu chimene inakhazikitsidwira.

Njira imene makomiti ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imayankha bwino funso langa loyamba, ndi ya ophunzira akale. Sukulu imene yakhala zaka 30 yatulutsa anthu masauzande, ndipo ena mwa iwo ali pantchito, ali ndi mabizinesi, ena ali kunja kwa dziko. Ndalama yawo sichokera m'thumba la kholo limene likugula kale yunifolomu ndi makope. Masiku ano kuwapeza sikuvuta ngati kale: gulu limodzi la pa WhatsApp kapena Facebook la amene anamaliza chaka chimodzi limakoka ena, ndipo chiyambireni M-Pesa ku Kenya mu 2007, kutumiza ndalama pafoni kwafala m'mayiko ambiri moti munthu ali kutali atha kupereka tsiku lomwelo. Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa kupsa. Chaka choyamba chimathera pa kufufuza maina ndi kumanga chikhulupiriro, ndipo ophunzira akale amafuna chinthu chooneka, monga laibulale, mjigo kapena chipinda cha sayansi. Choko ndi bilu ya madzi siziwakopa. Amafunanso kulemekezedwa: mukawakumbukira pa nthawi ya mavuto yokha, ulendo wachiwiri sayankha. Sukulu yatsopano kapena ya kudera kumene ochepa anapita patali ndi maphunziro ipeza zochepa panjirayi, ndipo chimenecho tisabise.

Masamba a pa intaneti osonkhetsera ndalama amamveka ngati khomo lotsegukira dziko lonse, koma ayenera kuonedwa bwino. DonorsChoose, imene mphunzitsi Charles Best anayambitsa mu 2000 ku Bronx mumzinda wa New York, ili ndi nzeru yoti titengerepo: mphunzitsi amalemba zinthu zenizeni zimene kalasi lake likufuna, ndipo bungwelo limagula katunduyo n'kumutumiza kusukulu m'malo mopereka ndalama pamanja. Koma imathandiza sukulu za boma za ku United States zokha. GoFundMe, imene inayamba mu 2010, imadula kandalama pa chopereka chilichonse, ndipo si m'mayiko onse mmene munthu angatsegule pempho n'kutapa ndalama zake. Chinanso, pempho silidziyendera lokha. Oyamba kupereka amakhala anthu okudziwani kale, ndiye tsambalo ndi chida chofikira ophunzira akale ndi achibale akutali, osati mgodi wa alendo achifundo. Ndipo chonde, zithunzi za ana ovala zong'ambika zisaikidwe poyera pofuna kukopa chisoni. Jambulani denga lobowokalo, mwanayo musiyeni ndi ulemu wake.

Yatsala njira yakale kuposa zonse, yosonkha mphamvu ndi zipangizo m'malo mwa ndalama: wina mchenga, wina miyala, mmisiri masiku awiri a ntchito, mwini lole ulendo umodzi. Pa ntchito yomanga, njirayi imatsitsa mtengo kwambiri ndipo imapatsa wosauka mpata wopereka osachita manyazi. Dziko limene linaiyesa mokwanira ndi Kenya, kumene mtsogoleri wa dzikolo Jomo Kenyatta anakweza mawu akuti harambee, kutanthauza "tikokere pamodzi", pa nthawi ya ufulu mu 1963, ndipo anthu anamanga okha sukulu za sekondale zambirimbiri. Zimene zinatsatira n'zofunika kuzidziwa. Madera olemera anamanga zabwino, osauka anatsalira, ndipo sukulu zambiri za harambee zinali ndi makoma koma zosowa aphunzitsi ophunzitsidwa ndi zipangizo. Andale nawonso analowerera misonkhano yosonkhetsa, mpaka mu 2003 dzikolo linaika lamulo loletsa ogwira ntchito m'boma kugwiritsa ntchito udindo wawo posonkhetsa ndalama za harambee. Choncho musanaumbe njerwa, pitani ku ofesi ya maphunziro mukamve ngati kalasi latsopanolo lidzapatsidwa mphunzitsi, ndiponso ngati pulani yanu ikukwanira miyezo ya zomangamanga. Onetsetsaninso kuti "ntchito ya anthu onse" isagwere amayi okhaokha otunga madzi pamene ena angotumiza moni.

Nanga ine ndingasankhe iti? Zimatengera vuto. Mphepo ikasasula denga pakati pa teremu, ndingaitane makolo sabata yomweyo, ndipemphe malonjezo odzifunira ndi ntchito ya manja, ndipo amalonda a pafupi ndiwapemphe katundu weniweni osati ndalama. Pa ntchito yaikulu ya zaka ziwiri kapena zitatu, monga mdadada wa makalasi, ndingatsamire pa ophunzira akale, n'kuwonjezera ulendo wa ndawala kamodzi pachaka. Pa tinthu ta tsiku ndi tsiku, monga sopo, matsache ndi kukonza maloko, holo ndi bwalo zobwereketsa ndiye zoyenera, chifukwa palibe munthu amene angasangalale kupemphedwa za matsache teremu iliyonse. Chopereka cha pa mutu wa mwana ndingachivomere pokhapokha lamulo likulola, makolo atavota okha pamsonkhano waukulu, mtengo uli pa banja, ndipo zitalembedwa m'maminitsi kuti palibe mwana adzabwezedwe kapena kutchulidwa dzina.

Njira zonsezi zimafera malo amodzi, pa kasungidwe ka ndalama. Pasukulu ija ndanena, chaka chimene tinasonkha zochepa kwambiri sichinali cha njala, chinali chotsatira chaka chimene komiti inalephera kufotokoza kumene ndalama za simenti zinapita. Titasankha komiti ina tinasintha zinthu zochepa chabe. Ndalama iliyonse inkalowa ku akaunti ya sukulu kubanki, osati m'foni ya munthu. Potapa pankafunika anthu awiri mwa atatu osayinira, mmodzi wa iwo kholo. Aliyense wopereka, ngakhale kochepa bwanji, ankalandira lisiti ya nambala, ndipo ndalama za pa zochitika zinkawerengedwa ndi anthu atatu tsiku lomwelo asanabalalike. Pakutha pa teremu tinkamata pepala limodzi pakhomo la ofesi, mbali ina zolowa, mbali ina zotuluka, pamodzi ndi makope a malisiti a kumene tinagula katundu, ndipo msungichuma ankaliwerenga mokweza pamsonkhano chifukwa cha makolo amene sadziwa kuwerenga. Teremu yachitatu titayamba kuchita zimenezi, bambo wina amene anakana kupereka zaka ziwiri anabwera yekha ndi matumba awiri a simenti, n'kupempha kuti alembedwe pa pepala lomwelo.