Inveta ndi sola zomwe zinasunga kashopu kanga kometera

Ndimameta anthu ku Zingwangwa, m'kashopu ka mipando iwiri. Namondwe wa Ana atafika pa 24 Januwale 2022, madzi a mu Shire anagumula mbali ya damu la Kapichira ku Chikwawa ndipo makina onse anayi opanga magetsi anaima. Mamegawati pafupifupi 130 anasowa tsiku limodzi. Kwa ine zimenezi zinkatanthauza kuti munthu wakhala pampando, ndameta mbali imodzi, magetsi thii, ndipo abwera usiku ine nditatseka.

Ndinapirira miyezi itatu. Kenako ndinagulitsa mbuzi ziwiri za kumudzi, n'kuwonjezera ndalama ya chipereganyu, ulendo ku Limbe. Mwayi wake ndinagula kwacha isanagwe mu Meyi chaka chomwecho, chifukwa pambuyo pake mitengo inakwera kwambiri. Ndinatenga inveta ya mawati 1,000 yosintha moto wa batire kukhala magetsi ngati a pakhoma, batire ya gel ya 12V 200Ah, mapanelo awiri a sola ndi kontorola yoyang'anira katchajidwe ka batire.

Amisiri omwe anandilumikizira ndi amene ndikufuna kuwayamikira kwambiri. Ine ndinali nditaloza kale inveta yotchipa. Iwo anati, "Achimwene, bweretsani kaye makina anu ometera tiyesere pompano." Titalumikiza, makinawo anayamba kulira moipa ngati njuchi zili m'chitini, ndipo pasanapite nthawi anatentha m'manja. Anandifotokozera kuti inveta zotchipazi zimatulutsa magetsi odumphadumpha amene mota simagwirizana nawo, ndiye ndifune yolembedwa kuti pure sine wave. Yomweyo inali yodulirapo, koma makina anga anayenda mwakachetechete ngati ali pa magetsi a pakhoma. Munthu wongofuna ndalama akanandigulitsa yoyamba ija n'kundisiya ndikavutike ndekha.

Pa ntchito yanga invetayi sinandikhumudwitsepo. Makina awiri ometera, mababu atatu, kawayilesi ndi mafoni a makasitomala, zonse zimayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo dzuwa likakhalapo. Makina ometera sadya magetsi ambiri. Dirayala ya tsitsi ndiye ayi. Mayi a kunyumba anayesa kuumitsira tsitsi la kasitomala wawo, inveta inangolira kamodzi n'kudzizimitsa. Ayironi ndi ketulo n'chimodzimodzi, musayese n'komwe.

Pomwe ndinadandaula ndi pa batire. Anandichenjeza kuti ya gel siyenera kutsika kupitirira theka, ndipo ndinamva, koma kasitomala akakhala pamzere sungamuuze kuti batire ipume. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikaphimba Blantyre masiku angapo, mapanelo ankangodontheza pang'ono, ine n'kumaikama mpaka inveta kulira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndiye anaimaliza. Mvula yosalekeza, dzuwa osaoneka, makina a ku Nkula ndi Tedzani ataimitsidwa chifukwa cha zinyalala ndi madzi osefukira. Masiku amenewo sindinkameta n'komwe. Anthu ochokera ku Chilobwe ankabwera atanyowa kudzatchaja mafoni kuti afufuze abale awo, ndipo sindinabweze aliyense ngakhale batire inkafuula kuti yatha. Kuchokera pamenepo inayamba kusunga moto wa maola awiri okha.

A kampani yopanga magetsi ya EGENCO anamanga damu longoyembekezera ndi thandizo la World Bank, ndipo makina a ku Kapichira anayambanso kuzungulira mu Epulo 2023, patatha chaka ndi miyezi yoposa iwiri. Kuzimazima kunachepa, koma zipangizo zanga sindinachotse. Inveta ndi mapanelo zikugwirabe ntchito ngati zatsopano, kungopukuta fumbi Loweruka lililonse. Batire ndinasintha, ndinagulanso ya gel chifukwa ndi yomwe thumba linalola. Amene muli ndi shopu ngati yanga ndipo mungakwanitse, yambirani pa lithium, imalola kutsika kwambiri osawonongeka msanga. Ine ndikusonkhabe ndalama yake, ndipo amisiri aja ndawauza kale kuti akadzabwera adzaonenso mawaya a padenga.