Ochotsa chuku m'nyumba ku America: General Liability kapena Pollution Liability?

Ku America, kontrakitala woumitsa nyumba zolowa madzi amayamba ndi inshuwalansi ya General Liability. Imeneyi imalipira makwerero akagwera galimoto ya kasitomala, kapena mlendo akapunthwa pa chingwe cha makina oumitsira. Koma nkhani ikakhala ya chuku imasamba m'manja: mapangano ambiri ali ndi ndime ya CG 21 67, yokana kulipira zokhudza chuku ndi mabakiteriya.

Contractors Pollution Liability, inshuwalansi ya makontrakitala yolipira zoonongeka chifukwa cha zinthu zoipitsa malo, ndiyo imatseka mpata umenewo. Mwaumitsa khoma, chinyezi chatsalira mkati, pakutha pa miyezi chuku chamera, mwana wa m'nyumbamo wayamba kubanika. Mlandu wotere umagwera kuno. Ndalama zolipira inshuwalansi zimawonjezereka, inde, komabe ine ndikuti kontrakitala atenge zonse ziwiri, ndipo aonetsetse kuti chuku chatchulidwa m'pangano la Pollution Liability.