Foni yopinda: zomwe ndaona patatha chaka ndi miyezi iwiri ndili nayo ku Mchinji

Foni iyi anandigulira achimwene anga ku Joni, ine n'kuwabwezera ndalama yawo pang'onopang'ono nditagulitsa mtedza. Ndi ija yopinda chapakati ngati kachikwama ka ndalama: ukaitambasula imakhala foni yaitali bwinobwino, ukaipinda imabisika m'dzanja. Ine ndimagula mtedza ndi soya pa Kamwendo, nthawi zina ndimafika ku Mkanda ndi ku Kapiri, ndipo mwezi sutha osadutsa pa Mwami kupita ku Chipata. Choncho foniyi yalawa dzuwa, fumbi ndi mabampu a pa kabaza. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa zomwe ndikufuna kunena zikukhudza aliyense amene akuganiza zogula foni ya mtundu umenewu kuno kwathu.

Ndiyambe ndi zomwe ndaikondera, poti zilipo ndithu. Ikapindidwa imalowa m'kachikwama kam'chiuno pamodzi ndi ndalama, ndipo m'minibasi yodzaza sindikhala ndi nkhawa yoti yatulukira m'thumba. Kunja kwake kuli kasikirini kakang'ono. Uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money ukalowa ndimangosuzumira pamenepo, manja ali m'thumba la soya, osafunika kuitsegula. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri n'choti imatha kuima yokha. Ukaipinda theka imakhala ngati kampando. Ndimaikhazika pamwamba pa thumba kuyang'anitsa ku sikelo, n'kumajambula pomwe tikuyeza. Tsiku lina bambo wina anabwerako madzulo akunena kuti thumba lake linali la makilogalamu 52, ine ndalemba 48. Sitinakangane. Ndinangowaonetsa kanema, muvi wa sikelo uli poyera, iwo ali chiimire pambali pake. Anapepesa, ndipo mpaka lero amandigulitsa mtedza wawo. Lamulungu madzulo ndimaiimikanso pa mtondo kuti amayi azilankhula ndi achimwene pa WhatsApp akuonana nkhope, popanda wina woigwirira mpaka mkono kutopa.

Sabata zoyamba anthu ankaunjikana kuti aione. Agogo ena ogulitsa mtedza wa m'ndowa anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu, "Mwana wanga, pepa, foni yako yathyoka." Ndinati, "Ayi agogo, anaipanga choncho, taonani." Anaitsegula okha kawiri, mosamala ngati akutsegula Baibulo lakale.

Mzere wa pakati, pomwe imapindikira, umaoneka makamaka ukaima padzuwa, ndipo chala chimamva kachigwa chikamadutsapo. Zimenezo ndinazolowera msanga, sindizitenga ngati vuto.

Vuto lenileni linayamba mu June. Aliyense wa kuno akudziwa mmene pamakhalira pogulira mtedza nthawi imeneyo: amayi akupeta, anyamata akukhuthula matumba, mphepo ya mwera ikuuluza dothi lofiira lochokera ku makoko. Madzulo ukapukuta nkhope, nsalu imasintha mtundu. Tsiku lina potsegula foni ndinamva kaphokoso, ngati ukatafuna mchenga mu mpunga. Foni yopinda ili ndi hinjesi ngati ya chitseko, koma mkati mwake muli tizitsulo tating'onoting'ono toyenda pamodzi, ndipo paliponse pamene pali chinthu choyenda pamakhala kampata. Foni wamba amaimata mbali zonse, fumbi limasowa polowera. Iyi ayi. Kuonjezera apo, sikirini yam'kati si galasi lolimba lomwe tinazolowera. Ndi galasi lopyapyala kwambiri, lokutidwa ndi kapulasitiki kofewa kuti lizitha kupindika. Kamchenga kamodzi kakatsalira pamenepo iwe n'kutseka foni, kamadinda chizindikiro. Yanga ili ndi timadontho titatu totere, ndipo ngakhale chikhadabo chimasiya mkwasa ukakanikiza.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuwerenga zilembo za pa bokosi, ndipo ndikupempha aliyense azidziwe. Pa langa panalembedwa IPX8. Achimwene ataona 8 uja anasangalala kuti foni siopa madzi, ndipo n'zoona, inanyowapo ndi mvula ya mu February osachita kanthu. Koma X uja akutanthauza kuti pa nkhani ya fumbi palibe chomwe akulonjeza. Nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ndi ya madzi. Mafoni opinda ena atsopano amalembedwa IP48, ndipo 4 ameneyo amangotanthauza kuti simungalowe kanthu kokula kuposa milimita imodzi. Fumbi la mtedza ndi losalala ngati ufa, milimita imodzi ndi khomo lotsegula kwa ilo. Nambala yomwe imatanthauza kuti fumbi silingalowe n'komwe ndi 6, ndipo mafoni wamba odula akhala nayo kwa zaka zambiri.

Mwezi wachisanu ndi chinayi kapulasitiki koteteza sikirini kanayamba kutukuka pa mzere wa pakati paja, kenako mpweya unalowa pansi pake. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa boma, yemwe wandikonzera mafoni ambiri m'mbuyomu. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera ndi manja awiri. Anati, "Mayi, ndikuuzeni chilungamo, iyi sindiyerekeza kuitsegula. Zipangizo zake ndilibe. Ndipo kapepalaka musakamatule nokha, mungaphe sikirini yonse." Ndinamuyamikira chifukwa cha kukhulupirika kwake. Zinanditengera ulendo wa ku Lilongwe, makilomita oposa 100, tsiku lonse la bizinesi kutayika, kuti akangosintha kapulasitiki. Ndili komweko ndinafunsa mtengo wa sikirini yonse itati yafa. Ndalama yomwe ananditchulira ndi yokwana kugula foni ina yatsopano yabwino ndithu, komanso anati n'kuyamba aitanitsa kunja.

Chenjezo la mnyamata uja lili ndi mbiri yake. Mu April 2019, Samsung itapereka Galaxy Fold yoyamba kwa atolankhani kuti aiyese, ena anamatula kapulasitiki kapamwamba poganiza kuti ndi kongotetezera m'bokosi, masikirini n'kuwonongeka. Ena zinyalala zinawalowera cha ku hinjesi. Kampaniyo inaimitsa kaye malonda mpaka September chaka chomwecho, itakonza zina ndi zina. Foni imeneyo inali ya madola 1,980 a ku America. Ndikaiganizira nkhaniyi ndimaona kuti liwiro ndi lomwe linavuta, aliyense ankafuna kukhala woyamba. Kampani ina ya ku China, Royole, inali itawatsogolera kale ndi FlexPai kumapeto kwa 2018. Mu February 2019, patangopita masiku ochepa Samsung itaonetsa yake yopindikira mkati, Huawei inaonetsa Mate X ku Barcelona, yopindikira kunja. Kumapeto kwa chaka chomwecho Motorola inadzutsa dzina lakale la Razr. Ndiye mu 2023 Tecno, yomwe ife kuno timaidziwa bwino pamodzi ndi abale ake Itel ndi Infinix, inalowanso m'bwalo ndi Phantom V Fold komanso Phantom V Flip, pa mtengo wotsikirapo. Pofika September 2024 Huawei inatulutsa Mate XT, yopindika malo awiri, yotambasuka ngati kabuku ka magawo atatu.

Mpikisano umenewu sindikuunyoza. Ndi umene wachititsa kuti munthu wogula mtedza pa Kamwendo akhale ndi chinthu chomwe zaka zochepa zapitazo chinali cha anthu olemera okhaokha. Mahinjesi a masiku ano ndi abwino kuposa oyamba aja, mzere wa pakati ukunka nuchepa, ndipo foni zambiri tsopano zimatsekeka gwa osasiya mpata. Koma chimene chimandipweteka n'choti akulimbirana zinthu zomwe zimaoneka bwino pa chithunzi. Uyu akuti yanga ndi yopyapyala kuposa zonse, winayo akuti yanga imapindika kawiri. Samsung inkanena kuti zake zimatha kupindidwa maulendo 200,000, komwe kuli ngati kutsegula ka 100 pa tsiku kwa zaka zisanu. Nambalayo ndi yaikulu, koma woyesa ndi makina, m'chipinda chaukhondo. Ndikanakonda atayesera pa msika wa Mkanda mu July, pafupi ndi mayi amene akupeta. Zinatenga mpaka 2025 kuti Google itulutse Pixel 10 Pro Fold yolembedwa IP68, kutanthauza kuti nkhani ya fumbi yatheka ndithu. Ngati zinali zotheka, bwanji sizinali zoyambirira kuzilimbirana? Anthu okhala m'madera a fumbi ndife ambiri pa dziko lino, ndipo ndife amene timasunga foni zaka zinayi kapena zisanu, osati kusintha chaka ndi chaka.

Batire nalo ndi lochepa mphamvu. M'foni zoterezi amaligawa pawiri, lina mbali iyi lina mbali inayo, ndipo hinjesi imadya malo. Ndikayamba ntchito 6 koloko m'mawa, kujambula sikelo, kuimba, kutumiza ndalama, pofika 3 koloko masana limakhala likupempha chaja. Kumidzi komwe netiweki ndi yofooka limatha msanga kuposa apo. Magetsi akazima usiku ndimadalira sola ya kunyumba ndi pawabanki. Mu October, dzuwa lili pamutu, mbali yam'mwamba pafupi ndi kamera imatentha moti ndimaisiya kaye pamthunzi. Kamera yake ndi yabwino masana, usiku ndi yapakatikati. Mawu pa foni amamveka bwino, pamenepo ndilibe dandaulo.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu. Mphunzitsi, namwino kapena wogwira ntchito mu ofesi pa boma, amene foni yake imakhala pa tebulo ndi m'chikwama, akhoza kusangalala nayo kwambiri, bola akhale ndi ndalama yapadera ya tsiku lomwe sikirini idzavute. Koma mnzanga wa pa sikelo, wa kabaza, wa ku chigayo kapena mlimi wa fodya wa ku Kasungu amene amakhala m'chigafa tsiku lonse, ndingamuuze kuti adikire kaye, kapena aonetsetse kuti pa bokosi pali 6 kutsogolo kwa 8, ndipo afunse wogulitsayo kuti ikawonongeka akaikonzetsa kuti.

Yanga ikugwirabe ntchito. Kaphokoso ka mu hinjesi kanachepa nditayamba kuipukuta ndi kamswachi kofewa madzulo aliwonse, ngakhale sikanatheretu. Nyengo yogula mtedza ikubwerayi ndagula kale kafoni ka mabatani koimbira ndi kulandirira ndalama pa sikelo. Yopindayi izikhala m'kajumbo kotseka pakamwa, m'kachikwama kam'chiuno, ndizingoitulutsa poyeza matumba akuluakulu ndi Lamulungu madzulo amayi akafuna kuona mwana wawo.