Galaja ya ku Booysens yomwe inasintha kompyuta ya Gusheshe yanga

Amene mukufuna kumanga supercharger (pampu yothithikizira mpweya wambiri mu injini kuti iwonjezere mphamvu) pa galimoto yakale muno mu Joni, yambani mwasunga ndalama ya kompyuta ya injini. BMW E30 325i yanga, yomwe anzathu a ku Soweto amati Gusheshe, yatuluka kumene pa galaja ina ya ku Booysens, ndipo ntchito yawo ndakhutira nayo ngakhale pena anandikhumudwitsa.

Galimotoyi inabwera ndi kompyuta ya Bosch Motronic, yoyeza mpweya ndi kachitseko kamene kamatseguka mpweya ukamadutsa. Anaipangira injini yokoka yokha mpweya. Supercharger ikayamba kuthithikizira mpweya mkati, petulo amachepa, moto wa mapulagi umafulumira, injini n'kuyamba kugogoda mpaka mapisitoni kusungunuka. Mwini galaja anati njira zilipo ziwiri: kuika Unichip ya Dastek ya ku Pretoria, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi kompyuta yakale, kapena kuchotseratu yakaleyo n'kuika yoima payokha monga Dictator kapena Spitronics, zopangidwa mu South Africa momwe muno. Tinagwirizana zochotseratu. Pa E30 palibe choluza. Koma a galimoto zatsopano samalani, chifukwa kompyuta yanu ndiyo imalankhula ndi immobiliser, aircon ndi dashibodi, ndipo mukaizula zonsezi zimatha kufa.

Chimene chandichititsa kulemba ndi funso la mnyamata wa ku Mangochi amene amalumikiza mawaya pagalajapo. Galimoto ili pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, anandifunsa kuti, "Achimwene, imeneyi muzipita nayo kumudzi?" Nditavomera anakauza abwana ake, ndipo ntchito yonse inasintha.

Nkhani yake ndi iyi. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, n'chifukwa chake galimoto wamba imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ku Durban. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba, choncho imangochulukitsa mpweya umene yaupeza. Ukadutsa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda n'kutsetserekera ku Tete, komwe n'kotsika komanso kotentha ngati ng'anjo, injini imalandira mpweya wothina kuposa umene dyno ya ku Booysens ingaone. Amakaniko ena gawo limenelo la mapu a kompyuta (manambala oiuza kuchuluka kwa petulo ndi nthawi ya moto) amangolidzaza mongoganizira. Awa anayamba amangirira pulley (kagudumu koyendapo lamba) yaing'ono kwakanthawi kuti supercharger ifike pa mphamvu ya kumunsiko, n'kuyeza petulo ndi moto pomwepo, kenako anabwezeretsa pulley yanga. Izi zinandigwira mtima, chifukwa amene galimoto ingamufere pakati pa Tete ndi Zobue, ana ali kumbuyo, ndine.

Anachuniranso pa petulo wa 93, osati 95, kuti wabwinoyo akasowa panjira injini isagogode. Mphamvu inatsikako pang'ono pa pepala, ine sindidandaula. Popeza petulo wa ku Zimbabwe ndi wa kwathu ku Malawi amasakaniza ndi ethanol, yemwe amafuna kuthiridwa wochulukirapo, anasiya mafuta mowolowa manja, cha pa 12:1 (magawo 12 a mpweya pa gawo limodzi la petulo) ukaponda mpaka pansi m'malo mwa 14.7:1 wa poyenda pang'onopang'ono. Anandiikiranso geji ya wideband, yoonetsa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, kuti ndizidzionera ndekha.

Zokhumudwitsa tsopano. Mtengo umene ananditchulira poyamba munalibe ma injector aakulu (opopera petulo mu injini) ndi pampu ya petulo yatsopano, chonsecho ankadziwa kuti akalewo sangakwanitse. Ananditchulira galimoto atayiphwasula kale, ine nditasowa pobwerera. Tsiku lomwe analonjeza linapitiriranso. Ndipo m'mawa wa June, chisanu chitagwa, imalira n'kuzima. Apa sanatsutse, anati ndiigoneke komweko kuti aichune injini ili yozizira, ndipo sanandilipiritse.

Mawaya a mnyamata uja ndi aukhondo, aliwonse ali ndi chizindikiro, kotero makaniko wa ku Ndirande akhoza kuwatsata popanda kundiimbira. Kompyuta yakale anandibwezera. Mapu a yatsopanoyi musachoke musanawapemphe pa flash, ine anandipatsa nditachita kufunsa. Ndipo mukapita, nenani poyambirira komwe galimoto yanu imayenda, ndiponso awalembe ma injector ndi pampu pa quotation asanamasule bawuti ngakhale limodzi.