Bagamoyo kapena Kilwa: mukafika ku Dar mulowere kuti?

Ambiri a ife tikatsika basi ku Dar es Salaam maso amangokhala pa msika wa Kariakoo, kupikula katundu n'kubwerera pa Songwe. Koma ngati mwatsala ndi masiku angapo ndi kandalama m'thumba, pali matauni awiri akale m'mphepete mwa nyanja yamchere oti musankhepo: Bagamoyo kumpoto, Kilwa kumwera. Ine mtima wanga uli ku Kilwa, ngakhale si aliyense angakwanitse ulendo wake.

Bagamoyo ili pafupi, makilomita pafupifupi 70 basi. Mutha kukwera daladala (minibasi yakumeneko) m'mawa, madzulo n'kudzagonanso ku Dar. Zokaona zili moyandikana moti woyenda pansi amazimaliza: boma lakale la Ajeremani, omwe likulu lawo linali m'tauni imeneyi asanalisamutsire ku Dar mu 1891, ndi doko lomwe ngalawa zamatanga zimakocheza, amayi akukazinga nsomba chapomwepo. Chokoka anthu kwambiri ndi mishoni ya Akatolika ya mu 1868. Mu February 1874 mtembo wa David Livingstone unagonekedwa m'tchalitchi cha pamenepa, antchito ake Susi, Chuma ndi anzawo atausenza miyezi yambiri kuchokera kwa Chitambo ku Zambia. Nsanja ya tchalitchicho ikadalipo. Mabwinja a Kaole, a mizikiti ndi manda akalekale, ali makilomita 5 kumwera, njinga yamoto imakufikitsani.

Pa nkhani yosambira ndiye musayembekezere zambiri. Ife ozolowera Senga Bay timaiwala kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo ku Bagamoyo ikaphwa imathawira kutali n'kusiya matope.

Kilwa ndi nkhani ina. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, kuwoloka mtsinje wa Rufiji pa mlatho wa Mkapa womwe unatsegulidwa mu 2003, choncho kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo iwalani. Dziwaninso kuti malo otchedwa Kilwa ndi atatu. Ku Kilwa Masoko n'komwe kuli malo ogona ndi mchenga woyera. Kumeneko mumagula chilolezo ku ofesi yoona zinthu zakale, kenako mukwere boti kupita pa chilumba cha Kilwa Kisiwani, chomwe bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1981 pamodzi ndi chilumba china cha Songo Mnara. Mzinda wakale wa pa Kisiwani unalemera ndi golide wochokera ku Zimbabwe kudzera padoko la Sofala ku Mozambique, mpaka unkasula ndalama zakezake. Ibn Battuta, woyenda maulendo wotchuka wa ku Morocco, anafikako mu 1331, Apwitikizi anaulanda mu 1505. Mukalowa mu mzikiti waukulu, pansi pa madenga obulungira omangidwa ndi miyala ya m'nyanja, kumazizira ngati m'phanga ngakhale panja dzuwa likuswa mtengo. Nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ili pamtunda moyang'ana nyanja, ndipo dziwe lake losambiramo la mbali zisanu ndi zitatu likuonekabe bwinobwino. Bagamoyo ilibe chilichonse chofikapo apa.

Koma chimene chimandikokera kumeneku ndi Kilwa yachitatu, Kivinje, yomwe alendo ambiri amangoilambalala. M'zaka za m'ma 1800 akapolo ogwidwa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, kuphatikizapo omwe Jumbe ankawawolotsa pa Nkhotakota, ankayendetsedwa pansi mpaka padoko limeneli asanawakweze zombo za ku Zanzibar. Akapolo ofikira ku Bagamoyo ambiri ankachokera cha ku Tabora ndi Ujiji, pomwe njira ya abale athu inkathera ku Kivinje. Lero ndi katauni ka asodzi, nyumba zosanja za amalonda akale zikugumuka, mitengo itamera m'makoma. Zolembedwa zoti muwerenge n'zochepa, ndiye pezani munthu wakomweko akuyendetseni.

Muli ndi ana aang'ono, agogo, kapena tsiku limodzi lokha? Pitani ku Bagamoyo, simudandaula. Ngati masiku atatu alipo, Kilwa. Konseko anthu ambiri ndi Asilamu, choncho zovala zosambira zithere kumchenga, m'tauni amayi fundani chitenje. Pachilumba pa Kisiwani tengani madzi akumwa ndi chipewa, ndipo mugwirizane mtengo wa boti, wopita ndi wobwerera, musanakwere.