Musanabwere kudzamata nsidze, mvetserani izi

Azichemwali amene mukunditumizira mauthenga kuti ndikupezereni malo mu saluni kuno, ndikuyankheni nonse pamodzi. Ntchito yomata nsidze zoikirira ilipo ndithu, makasitomala ndi ambiri. Koma amene akukuuzani kuti muphunzira masiku awiri n'kuyamba kutola ndalama akukunamizani masanasana.

Amene anandiitana kuno analonjeza kuti maphunziro ndi aulere, zida ndi za saluni, ndipo ndalama ya kasitomala aliyense tizigawana pakati. Mwezi utatha, pa 50 peresenti ija anachotsapo ya guluu, ya nsidze, ya mpando womwe ndimakhalapo, ndi ya satifiketi yomwe mpaka lero sindinaione. Ndinatsala ndi zosakwana 20 peresenti! Chowawa kwambiri n'chakuti kasitomala akabwerera nsidze zitathothoka sabata isanathe, ndinkamukonza ulere, kenako n'kundidulanso malipiro. Chonsecho guluu amene ankatipatsa anali wotsegulidwa kalekale, akunanda ngati ulimbo.

Guluu wa nsidze ndi wa mtundu wa cyanoacrylate. Amauma akakumana ndi chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake chipinda chogwiriramo ntchito chimafuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Chikachepa, guluu amachedwa kugwira, nsidze imapendekera n'kukamatirira inzake. Chikachuluka, amauma usanafike pa nsidze ya munthu, yoikirirayo imangokhala pamwamba, mawa lake yagwa. Botolo likatsegulidwa limakhala masabata 4 mpaka 6 basi, ndipo kadontho komwe ukuviikamo kamafunika kusintha pakatha mphindi 15 kapena 20. Bwana wokuwerengerani madontho, alibenso kachipangizo koyezera chinyezi, ndiye akugwetsa nsidzezo, koma mlandu adzaukankhira kwa inu.

Munthu woona mtima ndinamupeza mmodzi yekha, mayi wina wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri. Anandiuza malipiro a maphunziro tsiku loyamba ndipo sanaonjezerepo kalikonse. Sanandilole kugwira diso la munthu mpaka manja anga atasiya kunjenjemera pa chidole chophunzirira.

Umu ndi m'mene ankachitira. Kasitomala wagona chagada, maso watseka, nsidze za m'munsi zaphimbidwa ndi tepi. Ndi tweezer (kachitsulo kopanira) ya dzanja lamanzere amapatula nsidze imodzi yokha, zinazo n'kuzikankhira pambali. Ndi yamanja amatola yoikirira, kuviika tsinde lake pang'ono chabe mu guluu, n'kuikhazika pa nsidze ija, kusiya kampata ka theka la milimita mpaka milimita imodzi kuchokera pakhungu. Guluu asakhudze chikope ngakhale pang'ono. Zonsezi zichitike mu sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo tsinde ligone lonse, lisagwire nsonga yokha, apo ayi limadzuka n'kumakola pa bulashi. Dzanja lamanzere silichoka mpaka guluu atagwira. Chikope cha m'mwamba chili ndi nsidze 90 mpaka 150, ndiye werengani nokha chifukwa chake ntchito yabwino imatenga maola awiri. Akamaliza, mayiwo ankadutsanso imodziimodzi kufufuza zomatirirana.

Apa ndi pomwe maphunziro othamangitsa aja amabisa. Nsidze iliyonse imakula ndi kuthothoka pa nthawi yake. Ukamata zitatu pamodzi, yomwe ikukula imazula zinzake. Kasitomala amamva kuwawa akamaphethira, kenako amatsala ndi mipata m'chikope. Chimodzimodzi ukaika yolemera pa nsidze yanthete: yomata imodzi pa imodzi nthawi zambiri imakhala yonenepa mamilimita 0.15, pamene zoikirira zingapo zomata pa nsidze imodzi zimakhala za 0.07 kapena kucheperapo. Wina akafuna zazitali kuposa zimene nsidze zake zingathe kunyamula, mukaneni, ngakhale bwana akwiye.

Ndaona ena akumata ndi guluu wa wivi kapena wa zikhadabo. Chonde, limenelo ndi diso la munthu. Likatupa, dzina lotukwanidwa ndi lanu, mwini saluni adzati sakukudziwani. Kasitomala watsopano muyeseni kaye ndi nsidze zochepa, mudikire maola 24 mpaka 48. Thonje liziyenda kutali ndi guluuyu chifukwa zikakumana zimatentha. Ndipo palibe amakuuzani za thupi lanu: fungo lija limalowa m'mphuno tsiku lonse, ena mpaka amayamba chimfine chosatha ndi kuyabwa m'maso. Masiki ndi zenera lotsegula si zopempha ayi.

Tsono inu mukuona zithunzi za pa Instagram n'kuyamba kukongola ndalama ya ulendo, dekhani. Zithunzizo amajambula ola lomwelo atangomaliza, sajambula pakatha masabata awiri kapena atatu pamene kasitomala amabwera kudzawonjezeretsa. Phunzirani kupatula nsidze muli komweko, manja azolowere. Wokuitanani alembe papepala kuti guluu agula ndani, wobwerera amulipirira ndani, komanso za chilolezo chanu chogwirira ntchito, chifukwa wopanda mapepala amavutika kukasuma akaberedwa. Mumuuze akujambulireni botolo la guluu ndi tsiku limene analitsegula. Akayamba kuzembazemba, musakwere basi.